Windo ya vitumbuwa yakana kutseguka

Ba make Pumulo,

Mukabwela ku chechi muzapeza windo ya kukhichini siitseguka. Ni ine nalakwitsa. Mashata aja a mapulanga a mukwa, tuzitseko twa panja twamene nenze kupanga, nawamanga pa windo yanu kuseni kuti ba Nakatindi, bene ba loji ija ya ku Linda, baone mwamene amaonekela pa nyumba. Napaka vanishi yothela, ndiye natseka kuti nione ngati maluwa amene ninasema akumana bwino pakati. Akumana. Pamene apo ba neba ba Siyanga baniitana kukaona denga yao, naiwala kutsegula. Na dzuwa iyi vanishi yauma, manje agwilana monga pulanga imodzi.

Naenda ku maliketi ya Maramba kukagula thinazi yosungunulila. Osapusha na mukati, ndipo mulamu wanu Mwiinga asabwele pafupi na chisimbi chake chija chokanulila vitseko. Mukwa ukang'ambika pa maluwa sulumikizika, ndipo ba Nakatindi banakamba kuti bakakondwa na aya bazanipatsa mawindo a loji yonse.

Niziwa pa windo iyi ni pamene mumagulitsila vitumbuwa. Pepani. Lelo ikani tebulo pa khonde, nalemba na choko pa chipupa kuti bogula bazungulile kutsogolo. Mukati muli mdima na fungo ya vanishi, mbaula muyatsile panja.

Ba Nakatindi bakafika nikalibe kubwela, baonetseni ali otseka chabe. Bakafunsa ngati ni olimba, bauzeni zoona, kuti na wamene anapanga wakangiwa kutsegula.

Ni ine,
Akapelwa