Galimoto ya mkamwini wanga sidzadutsa pachipata cha kwathu

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye wa zaka 76. Ndinaphunzitsa masamu kwa zaka 38, ndipo chizolowezi chowerengera chilichonse sichinandichoke. Lero chizolowezi chomwecho chandiika pampanipani.

Mkamwini wanga Cosimo, mwamuna wa mwana wanga Nunzia, akufuna kugula galimoto yatsopano, zazitali msinkhu zija amati SUV. Loweruka lapitali ananditenga kuti ndikaione kogulitsa. Ndisaname, galimotoyo ndi yosiririka. Ili ndi mipando isanu ndi iwiri, zitseko zake zimatsekeka mopanda phokoso, ndipo kumbuyo kungalowe zigubu zisanu ndi chimodzi za mafuta a maolivi, malo n'kutsalako. Mpando wake ndi wokwera ngati wa m'khitchini mwanga, moti sindinavutike ndi chiuno changa chimene anandichita opaleshoni. Pokwera galimoto yathu yakale ndimatha masekondi 50 ndi kubuula kawiri. Apa ndinatha 12, osabuula.

Cosimo ndinamuphunzitsa ali mwana. Masamu ankamuzunguza mutu, koma mtima wake sindinaupezepo cholakwa. Kwa zaka 11 wakhala akuyendetsa kagalimoto kamene anasiya malemu amuna anga, a Oronzo. Kamanyamula anthu asanu, pamene ife tilipo asanu ndi mmodzi: iye, Nunzia, ana atatu ndi ine. Lamulungu lililonse timapita tonse kumanda kukasintha maluwa a amuna anga, kenako kumunda kwa amayi a Cosimo kukadya. Choncho amayenda maulendo awiriawiri. Chibadwireni mwana wachitatu wachita zimenezi masabata oposa 400, ndipo sindinamumvepo akudandaula.

Kogulitsako Cosimo anandiuza akuseka kuti, "Aphunzitsi, tawerengani mipandoyi, mwina ndalakwitsanso samu. Isanu ndi iwiri! Inu kutsogolo, Nunzia kumbuyo ndi zigawenga zakezi." Nunzia anamuyankha kuti, "Taona iwe, galimoto usanaigule wanditsitsa kale paudindo." Apo m'pamene ndinazindikira kuti galimotoyi akugulira inenso.

Vuto ndi ili. Iwo amakhala kumunsi, kunyumba zatsopano. Ine ndimakhala kumtunda, m'tauni yakale, ndipo kuti galimoto ifike pakhomo panga imayenera kudutsa pachipata chamiyala. Aliyense kwathu amadziwa kupinda magalasi am'mbali asanalowepo. Pakhoma pake pali penti ya mitundu isanu ndi inayi, yosiyidwa ndi anthu amene anadzithemba. Lolemba ndinapempha mnzanga Addolorata kuti akayeze ndi tepi yanga yosokera. Ndinamubwezako katatu, mpaka anandifunsa ngati ndikufuna kuchisokera diresi chipatacho. Katatu konse anapeza masentimita 186. Kabuku ka galimoto kakuti 189, magalasi atapindidwa kale. Cosimo anayeza garaja yake kawiri, koma chipata sanachiganizire, poti wadutsapo moyo wake wonse.

Kuchoka pakhomo panga kukafika kunja kwa chipata ndi mamita 140, motsetsereka, pamiyala yoterera. Ine ndimatha kuyenda mamita 30 okha. Kagalimoto kakale ogulitsa adzakatenga posinthanitsa, ndipo Cosimo akukasaina Loweruka lino.

Ndikalankhula, ndikumudziwa mwanayu. Adzaseka, adzanena kuti galimotoyo inali yodzionetsera, n'kuisiya, ndipo sadzaitchulanso. Ndikakhala chete, ndiye kuti kumanda ndi kumunda ndatsanzika. Ndaganiza zongokhala chete, n'kumanena Lamulungu lililonse kuti chiuno chavuta. Kodi ndikatero ndilakwa?

T.L., Ostuni

Mayi T.L.,

Inde, mulakwa. Koma ndisanakudzudzuleni ndikuvulireni chipewa inu ndi mkamwini wanu. Iye akugula galimoto kuti mukwere, inu mukufuna kutsala kuti agule. Makalata ambiri amene ndimalandira onena za apongozi ndi akamwini sakhala otere.

Tsono, aphunzitsi, samu yanu mwaisiyira panjira. Mwapeza njira ziwiri zokha, pamene zilipo zinanso.

Yoyamba kuiganizira ndi yosunga kagalimoto ka a Oronzo. Galimoto ya zaka zimenezo ogulitsa saiwerengera zambiri, amangoilandira kuti wogula amve kukoma. Cosimo afunse mtengo wopanda kusinthanitsa, awonkhetse ndi inshuwalansi ndi msonkho wa pachaka, aone ngati thumba lingapirire. Likapirira, kakang'onoko kazikutengani pakhomo n'kukutsitsani kunja kwa chipata, kumene yaikulu izikudikirani ndi Nunzia ndi ana. Ulendo wachiwiri wa mamita 140 sungafanane ndi umene amayenda panopa. Muonetsetsenso kuti kunja kwa chipatako kuli poimika, chifukwa tauni yakale iliyonse ili ndi malamulo akeake.

Likakana thumba, galimoto za mipando isanu ndi iwiri si imodzi padziko. Zina ndi zowonda pang'ono. Mupite nawo kogulitsa, tepi yanu ili m'chikwama, mukayeze nokha. Pafunika yosiya mpata wa dzanja mbali zonse ziwiri, osati yongopanikizika.

Lankhulani pasanafike Lachinayi, kuti akhale ndi nthawi yoimbira ogulitsa. Muwaitane onse awiri, ana kulibe. Muyambe ndi zimene mwandiuza ine: kuti galimotoyo mwaikonda, kuti munakwera osabuula, kuti mukufuna aigule. Kenako muike kabuku patebulo, mutchule manambala awiriwo. Akayamba nthabwala zake zoti inali yodzionetsera, mumudule. Munamukhazikapo chete m'kalasi, simungalephere lero.

Ndipo akanena kuti "ndiyesa, ikwana," mumukanize kwamtuwagalu. Mwamuna wokondwa ndi galimoto yatsopano amakhulupirira kuti mwala ungamupatse njira.

Chenjezo langa ndi pa bodza la chiuno lija. Sabata yoyamba adzakhulupirira. Yachitatu Nunzia adzakutengerani kwa dokotala. Pofika yachisanu ndi chimodzi, Cosimo adzakhala ataimika galimoto yake kunja kwa chipata, samu ataipeza yekha, n'kudziwa kuti munaona zonse koma simunamuyese munthu woti n'kumuuza. Galimoto angathe kugulitsa n'kugula ina. Zimenezo zokha sadzaziiwala.

Aphungu