Pepala limene ndakana kusaina

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Pretoria tilipo, koma ine ndakwiya, ndipo woti ndimuuze ndinu. Ndiyambe ndi zabwino. Ndamva kuti mpongozi wanu ku Ntcheu wachira, mwana wamkazi. Ati chimanganso chachita bwino chaka chino, kungoti anankafumbwe ayamba kale.

Ndikadali pa ntchito yosamalira okalamba, panyumba ina kufupi ndi Laudium. Ntchito yathuyi ndi ya mphuno. Ukangolowa m'chipinda umadziwiratu amene wadziipitsira, kapena amene bala lake layamba kuola, iye asanatsegule pakamwa. Paja pogawa ndiwo zogona munkati, "Nunkhiza kaye, Esinati, usamangoona ndi maso."

Lolemba lina ndinasintha thewera la agogo Fatima, amene ndinawasamalira zaka zitatu, osamva fungo lililonse. Ndinanunkhiza sopo, ndinanunkhiza mankhwala okolopera, zii. Ndinathamangira kwa a sisita otiyang'anira, poti anamwino anali atatichenjeza kuti kusamva fungo ndi chizindikiro cha korona. Iwo anangondiloza pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, n'kuti, "Eish, sukutentha iwe. Inu Amalawi mumakonda kudwala Lolemba. Kagwire ntchito."

Ndinabwerera, Amayi, ndipo apa ndi pamene ndimadzida. Masiku anayi ndinkawasambitsa agogowo, kuwamwetsa phala, nkhope yanga pafupi ndi yawo. Lachisanu anandiyeza n'kundipeza nako kachilomboko. Ine ndinachira. Agogowo anatengera matendawo, ndipo anaikidwa m'manda ine ndili chigonere m'kachipinda kanga ku Winterveld.

Tsopano ana awo ayamba kufunsa mafunso. Ndiye dzulo a sisita aja anandiitana n'kundiikira pepala lonena kuti ndinabisa matenda. Ati ndikasaina ntchito ipitirira, ndikakana ndione msewu. Taonani chipongwe! Munthu yemwe uja anandibweza ndi pakamwa pake, lero akundipatsa cholembera, maso ali gwa, ngakhale manyazi alibe.

Mantha ndinachita, sindinama. Kuno ku Joni mlendo akachotsedwa ntchito, womuyankhulira palibe. Komabe cholemberacho ndinachisiya patebulo n'kutuluka. Mawa ndikwera takisi kukaonana ndi mwana wamkulu wa malemuwo. Ndikamuuza zonse, ndi zoti manja amene anawamwetsa phala masiku anayi aja anali anga. Akafuna kundilalatira andilalatire, ndikaima pomwepo.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti dzina limene munandipatsa sindililemba pansi pa bodza.

Ine mwana wanu,
Esinati