Ndamubereka Taiga kumbuyo

Lachitatu madzulo. Tsiku lowawa, koma sindinagonje.

Adokotala a ziweto atsimikiza kuti zotupa za m'khosi mwa galu wanga Taiga ndi khansa, ndipo sachira. Pobwerera, kondakitala wa minibasi watikaniza: "Amayi, galu sakwera muno." Ndamasula chitenje n'kumubereka ngati khanda, wapansi mpaka ku Chitawira. Anthu amaseka, ena kumajambula pa foni. Ajambule.

Kufika pakhomo, alamu anga akuti, "Kangomutayani kumtsinje, mupeze wina." Nditaye galu amene wandilondera chimwalirireni amuna anga, iwowo osabwera n'komwe kudzazonda?

Ndamuphikira chiwindi, wadya pang'ono. Lero agona m'nyumba, pamkeka wa alendo. Alamuwo akafuna pokhala, mpando uli panja.