Maso a Amayi

Okondedwa achimwene a Gideoni,

Kuno ku Kasakula tadzuka, kaya inu ku Ulayako. Mwalemba kuti bungwe lanu la madokotala a maso ochokera m'mayiko ambiri limajambula mkati mwa diso, n'kuyeza pomwe munthu amalekezera kuona. Ndimalota amayi atakhala pamakina amenewo, phiri la Ntchisi likubwerera lonse m'maso mwawo. Masiku ano amaona ngati akusuzumira m'bango, cham'mbali monse ndi nkhungu yokhayokha.

Mwina ndi mwayi. Anyamata a chipani ovala malaya ofiira atabwera kudzafunsa za inu, anaima cham'mbali, amayi osawaona. Amayiwo amangoyang'ana kunjira yomwe mudzatulukire, ndipo ine sindinawauze kanthu.

Musafulumire kubwera, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Rakele