Mowa Wotchipa wa M'sitima

Lolemba, 2 Juni

Masutikesi tatsitsa lero. Fumbi lake, ndayetsemula mpaka misozi. Loweruka la sabata yamawa tikukwera sitima yapanyanja ku Southampton, ulendo wa ku Norway, sabata yathunthu. Walipira zonse ndi Jeni, mwana wathu, ati mphatso ya zaka makumi atatu za ukwati. Mwanayu wadzipha ndi maovataimu kuchipatala chaka chonse kuti ife tikapume. Ndimayenera kukhala ndikuvina. Koma mtima suli m'malo.

Amuna anga a Biswick, a B. anga, atangofika kuchokera ku ntchito yawo yaulonda sanavule ndi nsapato zomwe. Foni m'manja. Ati mowa m'sitima ndi wodula koopsa, kabotolo kamodzi mtengo wa nkhuku yathunthu kumsika wa Woolwich. Ati ochenjera amagula chomwe amati drinks package, kulipira kamodzi n'kumamwa mmene wafunira, koma lamulo lake n'lakuti ogona chipinda chimodzi agule onse awiri. Ndiye kuti ine Mwiza, mayi wa Chigwirizano, amene mowa sindiudziwa ndi kukoma kwake, ndigulenso.

Ndawakumbutsa za Pasaka wa chaka chatha. Magazi amene anasanza m'bafa, ambulansi, dokotala kutiuza tonse awiri kuti chiwindi chatsala pang'ono, akadzalawanso basi kwatha. Chichokere pamenepo sanamwe, ndipo ndakhala ndikuwanyadira. Angoseka. Ati ndani wanena zakumwa, iwo akungoona mitengo.

Munthu wosamwa, mitengo ya mowa ya chiyani?

Lachitatu, 4 Juni

Ndaimbira Jeni ndili m'basi yopita kuntchito. Ine Chinyanja, iye Chingerezi, monga mwa masiku onse. Ati ndisiye kulonda adadi ake ngati mwana, munthu watha chaka osamwa, ndimukhulupirire. Ndafunsa mozungulira ngati tsiku la ulendo lingasinthidwe. Ati nthawi yosintha inadutsa kale, tikapanda kupita ndiye kuti ndalama zonse zalowa m'madzi. Mawu ake anayamba kunjenjemera. Ndasintha nkhani msanga, ndamufunsa ngati ku Norway kumafunika majekete mu Juni.

Lachinayi, 5 Juni

A Weston abwereranso.

Awa ndi anzawo a ku Tottenham, anachokera limodzi ku Lusaka, ndi amene ankamwa nawo. Nthawi yonse a B. ali gone kuchipatala sanaponde ngakhale tsiku limodzi. Lero amva za sitima, ndi awo pafoni. A B. anaika foni pokweza mawu, ine ndili kukhitchini, ndamva zonse.

Ati iwo anakwerapo kawiri, package ija ndi kuberana chabe. Ati aliyense amaloledwa kulowa ndi botolo limodzi la vinyo, ndiye madamu anyamulenso lawo. Ati tsiku limene kaputeni alandira alendo magalasi amakhala aulere, munthu aime pafupi ndi khomo lotulukira operekera zakumwa. Kumtunda ku Norway osayesa, n'kodula kuposa m'sitima momwe. Ndiye nzeru yeniyeni ndi kunyamula wako, m'mabotolo ooneka ngati a shampu, alonda sanunkhiza shampu.

A B. amangoti eee, eee. Mawu awo ngati a munthu wanjala akumva nkhani ya nyama. Ndatsegula pompi kuti ndisamvenso.

Loweruka, 7 Juni

Kwabwera kaphukusi. Mabotolo anayi opanda kanthu, olembedwa shampu, ndi tizitsekerero take tooneka ngati sanatsegulidwepo, ndi kafanelo. Ndawaika patebulo n'kukhala pansi kudikira.

Atalowa sanachite manyazi. Ati ndi bizinesi. Ati m'sitima mudzakhala azungu ambiri olira mitengo, iwo adzawagulitsa pang'onopang'ono, tidzapeza yogulira Jeni mphatso. Amayankhula akuyang'ana khoma. Zaka makumi atatu, ndimadziwa akamayang'ana khoma.

Ndakalirira m'chimbudzi kuti oyandikana nafe asamve. Makoma a mafulati a ku Thamesmead kuno ndi mapepala.

Lamulungu, 8 Juni

Kutchalitchi abusa atiitanira kutsogolo. Zaka makumi atatu, chitsanzo kwa achinyamata, mwana wodalitsika wotumiza makolo kunyanja. M'manja, nthungululu. A B. mu suti yawo ya buluu, ooneka bwino ngati tsiku lomwe anabwera kudzandifunsira ku Chipata. Anandigwira dzanja. Ine kumwetulira mpaka masaya kuwawa.

Titatuluka ati akupita ku Tottenham kukabwereka jekete kwa a Weston. Abwera madzulo ndi jeketeyo, akutafuna chingamu. A B. satafuna chingamu.

Lolemba, 9 Juni

Nthawi yopuma kuntchito ndaimbira kampani ya sitima. Nyimbo, nyimbo, tiyi mpaka kuzizira. Pamapeto pake kamtsikana kaulemu. Ndafunsa ngati angatseke khadi ya amuna anga kuti asagulire mowa, poti m'sitima zonse amagula ndi khadi ya chipinda. Ati pepani, bamboyo ndi wamkulu, pokhapokha atapempha yekha. Ndafunsa ngati muli dokotala. Ati alimo, wa zadzidzidzi, zikakula amadikira doko kapena kuitana ndege. Ndafunsa mabala a mowa alimo angati. Anayamba kuwatchula mokondwa, limodzi limodzi, mpaka ndinadula foni.

Loice anandipeza m'chipinda chochapira zovala za okalamba amene timasamalira kuntchito kwathu, ndagwira mashini ngati ndikugwa. Ndi mnzanga wa ku Zimbabwe, agogo ake anachokera ku Dedza, Chichewa chake n'cha kufamu. Ndamuuza zonse. Sanandipatse malemba. Ati bambo ake anapita choncho, ndipo aliyense m'nyumba ankadziwa koma ankaopa kuwononga Khirisimasi. Kenako belu la chipinda china linalira, anathamanga.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndimafuna kuika masokosi musutikesi mwawo. Mabotolo aja ali m'mikono ya jekete ya a Weston, odzadza. Atatu odzadza. Lachinayi latsala theka.

Ndathira onse musinki. Fungo lake linadzaza nyumba, ndatsegula mawindo. Mabotolo ndawasiya poyera, sindinafune kubisa.

Atafika anaima pakhomo la khitchini, anaona mabotolo. Ndimayembekeza kukalipa. Anayankhula motsitsa, ndipo ndi zimene zandipweteka kwambiri.

"Amake Jeni, chifikireni m'dziko lino ndakhala ndikuimirira pamakomo a anthu. Iwo mkati akumwa, akuseka, ine panja pamphepo ndi tochi. Sabata imodzi yokha ndimafuna ndikhale mkati, ndigwire galasi ngati munthu. Mwandithirira musinki."

Ndinati galasilo ndi bokosi lamaliro, ndipo sindikufuna kubwera kuchokera ku Norway ndi masutikesi awiri ndili ndekha. Ndinagwada. Inde, ndinagwada pa matailosi, ndinawagwira miyendo. Anachotsa manja anga pang'onopang'ono, n'kutenga jekete, n'kutuluka.

Lachitatu, 11 Juni

Sanabwere. Foni yozima. Kuntchito kwawo aimba kufunsa, ndanama kuti akudwala m'mimba.

Lachinayi, 12 Juni

Afika m'mawa ndikukonzeka kupita kuntchito. Jekete yamatope, nsapato imodzi yopanda chingwe. Maso achikasu. Si nzeru zanga zondinamiza, ndawayang'ana pawindo pali kuwala, ndi achikasu ngati tsiku lija. Ndati tipite kuchipatala, ati ndi tulo chabe. Agwera pabedi ndi zovala.

Ndinaima pamenepo ndi chikwama paphewa. Ndimaona sitima ili pakati pa nyanja, bala pansi, bala pamwamba, khadi m'thumba mwawo, magalasi aulere a kaputeni. Ine ndikuthamanga m'makonde kufunafuna munthu wanga. Ndikauza Jeni, ndamuswa mtima ndipo adadi ake akana zonse. Ndikauza abusa, mawa mpingo wonse wadziwa. Ndikakana kupita, apita okha, ndimawadziwa.

Ndatsegula dirowa, ndatenga pasipoti yawo. Ili mu loka yanga kuntchito, pansi pa nsapato zosinthira.

Mulungu andikhululukire. Sindinabepo kanthu ka amuna anga.

Lachisanu, 13 Juni

Tsiku loipa kuposa onse.

Adzuka m'mawa ali bwinoko, asamba, ameta ndevu. Apepesa. Ati zija zatha, mawa tikuyamba moyo watsopano panyanja. Atsegula dirowa kuti aike mapasipoti pamodzi.

Nyumba yonse aigubuduza. Matiresi, mabuku anyimbo, m'matumba a masuti, mpaka m'bini. Ine ndikuthandiza kufuna. Ndikukweza makushoni, ndikusuzumira pansi pa sofa, kufuna chinthu chomwe ndikudziwa pomwe chili. Ndimadikira kuti andiloze chala, mwina ndikanapepukidwa. Sanandiganizire n'komwe. Anakhala pansi pakhonde n'kunena kuti mwina anaiika m'jekete Lachiwiri, kuti akaonetse a Weston, sakukumbuka. Sakumbuka chilichonse cha masiku awiri aja, ngakhale komwe anagona.

Ndapita kuntchito. Iwo apita ku Tottenham, basi, sitima, sitima ina, osadya kanthu. A Weston sanatsegule chitseko, anangoyankhira pawindo kuti sanaione. Afunsa m'mabala awiri, afunsa kumalo osungira zotayika m'mabasi. Anandiimbira masana, mawu ngati a nkhalamba, kundiuza kuti sinapezeke.

Pochoka kuntchito ndaitenga mu loka, ndaiika m'chikwama. Sindikudziwa chifukwa chake. Njira yonse m'basi chikwama ndachikumbatira pachifuwa ngati wina andilanda.

Ndawapeza atakonza nyumba yonse, asita madiresi anga, awapinda musutikesi. Manja awo akunjenjemera moti sangagwire kapu. Ati ndipite ndekha, thukuta la mwana lisapite pachabe lonse. Ati ndi iwo awononga, ine ndilibe mlandu. Analira. A B. sanalire ngakhale pa maliro a amayi awo.

Chikwama chili pampando apo, ndikuchiona pamene ndikulemba.

Loweruka, 14 Juni

Anadzuka m'mamawa, anandiphikira tiyi, anakakamira kuti andiperekeze mpaka pa siteji ya basi yopita ku Woolwich, komwe ndikakwere sitima yapamtunda. Ndinavala diresi lomwe anasita. Sindikudziwa ngati ndimapitadi kapena miyendo imangoyenda. Iwo patsogolo akukoka sutikesi yanga, akupumira m'mwamba, kuima pang'ono, kuyambanso. Amandilangiza za njira, posinthira sitima, kuti ndisaiwale mapiritsi a chizungulire, kuti ndikajambule mapiri ndiwatumizire.

Pa siteji panalibe munthu. Ndinatsegula chikwama kuti nditulutse khadi ya basi. Dzanja linatuluka ndi pasipoti.

Ndinangoitambasula. Ndinati ndine ndinatenga, Lachinayi, muli m'tulo. Ndinati dzulo lonse mumafuna ine ndikudziwa. Ndinati nthawi ikadalipo, tikhoza kubwerera kukatenga sutikesi yanu, sitima inyamuka madzulo, sankhani nokha, ine ndatopa kulonda.

Anailandira. Anaitsegula, anayang'ana chithunzi chawo, chija anajambulitsa asanadwale, masaya odzadza. Ndimayembekeza chilichonse, ngakhale mbama, ngakhale sanandimenyepo. Basi inafika, chitseko chinatseguka, dalaivala akutiyang'ana. A B. anakweza dzanja kumuuza kuti apite.

Itapita anatenga chikwama changa, anabwezeramo pasipoti, n'kutseka zipi mpaka kumapeto.

"Musandipatse. Usiku wonse ndimaganiza kuti mukangokwera basi, ine ndilowera kushopu ya pakona. Ndalama yake ili m'sokosi muno. Ndikakwera sitima ija sindibwera, amake Jeni. Ndikatsala ndekha sindifikanso Loweruka linalo."

Anawerama, anatulutsa ndalamayo, anandipatsa. Yofunda.

Tabwerera. Sutikesi ndakoka ndine, iwo analibe mphamvu. Pamasitepe anakhala pansi kawiri. Ndati tiimbire achipatala, ati inde, koma ayambe ndi mwana, asanamve kwa wina. Ndati ndimuuza ndine. Akana.

Ali kuchipinda tsopano ndi foni yanga, chitseko chili pululu. Ine ndili patebulo la kukhitchini, diresi laulendo likadali m'thupi, nsapato sindinavule. Ndamva kuitana, ndamva Jeni akuyankha mokondwa, akufunsa ngati tafika kale pa siteshoni.

"Jeni, mwanawe, khala pansi. Ndi adadi ako. Ndayambanso kumwa."