Malole Anaponda Masamba a Maliro

Amayi, kodi mukudzuka bwanji uko munatsogola? Ndikhulupirira mpongozi wanu Nangozo anakupezani, pakuti tinamugoneka pambali panu penipeni, patsinde pa muwanga uja.

Kuno nkhani zilipo. Mlongo wanga Esinati anachira ku Kasinje, mwana wamwamuna, makutu ngati a bambo. Kachewere chaka chino wayesako. Kabichi ndiye ayi. Ogula pamsewu wa Biriwiri akangomusenda pang'ono akupeza fumbi mkati, n'kumusiya.

Fumbilo mukulidziwa. Munamwalira kampani yophwanya miyala itangoyamba kudya phiri lathu, ndipo pano yafika paja munkatola masuku. Nangozo anatsokomola nthawi yaitali. Achipatala analemba zawo, ine sinditsutsa, koma zimene ankapuma akamaanika ufa ndinkaziona ndi maso.

Tsiku la maliro ake akampani anatumiza bokosi. Lokongola, Amayi, lonyezimira, la zogwirira zake, osati la matabwa osapala ngati lanu lija. Polengeza chipepeso dzina la kampani linatchulidwa koyamba, mpingo pambuyo, adzukulu okumba manda, amene anatuluka matuza pamwala paja, kumapeto. Ine ndinangowerama.

Chimene chimandiwawa ndi masamba. Tinayala masamba aawisi pamsewu monga mwa mwambo, kuti odutsa adziwe kuti pamudzi pagwa zovuta. Wanjinga aliyense ankatsika n'kuvula chipewa. Malole a kampani sanachepetse n'komwe liwiro, ndipo pofika masana masamba aja anali atanyenyeka. Abusa ali mkati mwa pemphero la kumanda, kuphiri anaphulitsa. Dothi la m'mbali mwa dzenje linagumukira pabokosi lawo lomwelo ife tisanaponye lathu.

Sabata yatha kunabwera bambo wina wa kukampani, waulemu wake ndithu. Akuti Loweruka akupereka mjigo kusukulu, kubwera ndi awailesi, ndiye akufuna ndikaime pamaso pa anthu ndinene mmene anandigwirira dzanja pa zovuta zanga. Anandibweretsera ndi malaya olembedwa dzina lawo. Akulankhula choncho, mdzukulu wanu Tiyanjane ali kuseri kwa nkhokwe akutsokomola. Chifuwa chake n'chija cha mayi ake, chouma, chosatulutsa kanthu. Bamboyo anamva. Anangoyang'ana foni yake.

Munkakonda kunena kuti wokuotchera nyumba akakupatsa bulangeti ulandire poti kukuzizira, koma usamuvinire. Bokosi ndinalandira. Mjigowo ana amwe, madzi alibe mlandu. Kuvina ndiye ayi.

Loweruka lomwelo m'mawa ndinyamuka naye Tiyanjane kupita kwa Esinati, kumene munthu sapuma mwala. Munda wa kachewere ndawasiyira amalume. Sindikudziwa ngati ndidzabwererenso kudzakhala pamudzi pano. Mundikhululukire pokusiyani awiri pafumbi, koma mwana ndi mmodzi yekhayu, ndipo sindingakhale pansi n'kumamudikirira bokosi lonyezimira.

Mumuuze Nangozo kuti mwana wake ndamuthawitsa. Ndikulonjeza kuti mvula isanagwe ndidzabwera ndi tsache, ndidzasese fumbi pamene mwagonapo nonse awiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane