Mankhwala a Harriet Ali M'chimbudzi

Ba Gabson,

Ndathamangira ku chipatala ku Mpanshya ndi Harriet, wagwanso m'mawa uno.

Filimu yanu ija ya mtsikana wogwidwa ziwanda, munaonetsa amayi anu Lamulungu, ndi imene yatipweteka. Akuti mdzukulu wawo amaphupha chimodzimodzi, ndiye Lachiwiri anataya mankhwala ake a khunyu m'chimbudzi osandiuza. Nditati muzimitse filimuyo, paja munandiseka. Lero mwana wadziluma lilime, deresi lonse magazi.

Aitananso anthu a mapemphero masana ano. Muwabweze nokha, amayiwo ndi anu. Pepani sindinaphike, filimuyo ikuphikireni.

Muwauze amayi kuti mtsikana wa m'filimu anangomupaka utoto, anasamba n'kupita kwawo. Magazi a wathuyu ndi enieni.

Amake Harriet